Waya wa masipika woziziritsidwa: yankho kwa achimwene a ku Kamwendo

Achimwene ena a ku Kamwendo, ku Mchinji, andilembera imelo. Iwo ndi amene amasunga makiyi a kabati ya zokuzira mawu kutchalitchi kwawo. Mlamu wawo amene ali ku Johannesburg wapeza waya wa masipika wolembedwa kuti "cryogenically treated", ati anamuviika m'kuzizira koopsa, ndipo wogulitsa akulumbira kuti mawu amatuluka oyera, besi yolemera. Mtengo wake ndi woti mutha kugula sipika ina yathunthu. Akufunsa ngati komiti itumize ndalamazo.

Ndimati ndingoyankha mizere iwiri n'kubwerera pabenchi, poti pali ampulifaya ya munthu yomwe ikufunika Loweruka. Koma funsoli landigunda pachilonda. Ndiye mupirire achimwene, ndiyenda mozungulira.

Kufuna mawu abwino si uchitsiru, tiyambire pamenepo. Ine ndimadya za ntchito imeneyi kuno ku Kasungu, kubwereketsa masipika ndi kukonza zoonongeka, ndipo ndimadziwa mmene mtima umawawira kwaya itakonzekera mwezi wathunthu koma tsiku la mwambo anthu akumbuyo akungomva phokoso. Munthu zikatero amagwira chilichonse chimene wauzidwa kuti chithandiza.

Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amalume. Ndili mnyamata ndinkawanyamulira masipika m'zinkhoswe ndi m'maukwati, kuyambira pa boma pano mpaka ku Chinkhoma, Santhe, nthawi zina ku Nkhamenya. Nyengo yogulitsa fodya ikafika Loweruka lililonse linali lathu. Mabokosi a masipika anachita kukhoma kalipentala, ampulifaya inali nkhalamba yoti poinyamula pamafunika anthu awiri, ndipo waya wake anali wa magetsi wamba, wakuda, wonenepa, wofewa uja amalumikizira makina. Amalume sankalola munthu kumukulunga pachigongono, ankati amathyokera mkati. Lachisanu madzulo ankakhala pakhonde ndi kampeni, kupala nsonga zonse mpaka mkuwa uwale, kenako kuzipota bwinobwino kuti pasatsale kawaya kothawira pambali. Ine ndinkaona ngati n'kutaya nthawi pamene anzanga ali kumpira.

Madandaulo m'maukwatimo analipo, ambiri. Jenereta yatha mafuta perekaniperekani ali mkati. Wotsogolera mwambo wameza maikolofoni. Nyimbo imene apongozi anapempha simunaike. Koma sindikukumbukira munthu anabwerapo kudzanena kuti mawu ndi akuda chifukwa cha mtundu wa waya.

Chimene chandiwawa m'kalata yanu ndi liwu loti komiti. Chaka china ndinaitanidwa ku mpingo wina wa kumudzi, njira ya ku Chulu. Amayi a Chigwirizano anagwira maganyu, kukumba mtedza m'minda ya anthu, ena kugulitsa zitumbuwa pamsika, mpaka ndalama zinakwana kugula masipika awiri, mikisa ndi ampulifaya. Atalumikiza, mawu sanakome. Anali opyapyala, opanda thupi, ndipo ukakhala pakati pa tchalitchi ng'oma ya pa kiyibodi inkachita ngati yasowa. Munthu wina wa mutauni anawauza kuti vuto ndi waya, nawagulitsa wina wodula, wa chikopa choonekera mkati, wonyezimira. Amayi aja anabwereranso kuganyu kuti alipire. Mawu sanasinthe.

Nditafika ndinadula kansonga ka waya uja n'kupala ndi mpeni msungichuma akuona. Kufiira kuja kunachoka ndi mpalo umodzi, pansi pake poyera mbuu. Anali aluminiyamu wokutidwa ndi kamkuwa kopyapyala, amene amalonda amati CCA. Ndinayatsa machesi pansi pa timawaya take, tinapindika nthawi yomweyo n'kuyoyoka. Mkuwa weniweni ukauyatsira machesi umangoda, koma umakhala chilili, chifukwa aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 pamene mkuwa umafuna 1,085. Kunenepa konse kuja kunali pulasitiki, timawaya ta mkati tinali towerengeka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Komatu vuto lenileni silinali limenelo. Sipika imodzi anailumikiza mozondoka, chofiira ku chakuda. Zikatero nsalu ya sipika imodzi ikamakankhira kunja inayo imakokera mkati, ndiye besi imadyana yokhayokha pakati pa nyumba. Ndinatenga kabatire ka mutochi, kugusa pa nsonga za waya wa sipika iliyonse. Ina inatumphukira kunja, inayo inalowa mkati. Ndinatembenuza mawaya awiri basi. Mnyamata wa kiyibodi atagunda, mabenchi ananjenjemera.

Msungichuma uja, mayi wachikulire ndithu, anakhala pansi n'kuyang'ana chikulungo cha waya wonyezimira chija. Kenako anati, "Ndiye mtedza wachiwiri uja tinakumbira chiyani?" Ndinalibe chowayankha.

Tsono mukandiuza kuti ndalama za mpingo zikufuna kuwoloka malire kukagula waya woziziritsidwa, muzindikire chifukwa chake ndikulemba zambiri chonchi.

Tione chimene amamuchita wayayo. Mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni. Akamuziziritsa kwambiri amasanduka madzi, ndipo madzi akewo amawira pa madigiri 196 pansi pa ziro. Firiji yosungira nyama imakhala cha pa 18 pansi pa ziro, ndiye onani kutalikirana kwake. Musayese kuti ndi za kunja kokha. Ngati kwanuko kuli alimi a ng'ombe za mkaka, mwina munaonapo mlangizi wa ziweto ali ndi chigubu chachitsulo, chonenepa, cha khosi laling'ono. Akatsegula pamatuluka utsi woyera umene umatsikira pansi m'malo mokwera. Mmenemo amasungira mbewu ya nkhunzi m'timachubu topyapyala, ndipo madzi ali mkatimo ndi nayitrojeni yemweyu. Kumeneko ntchito ya kuzizira imaoneka ndi maso, ng'ombe imabereka. Koma mbewuyo imasungika pokhapokha ikadali m'chigubumo.

Anthu a cryo amatenga waya, kumutsitsa pang'onopang'ono m'kuzizira kumeneko, kumusiya tsiku lathunthu kapena kupitirira, kenako kumubweza pang'onopang'ono. Amachita modekha chifukwa pulasitiki wokutira waya akazizira choncho amauma gwa ndipo atha kung'aluka. Akatero amamuika m'bokosi lokongola. Pofika ku Kamwendo amakhala wofunda mofanana ndi waya wina aliyense wa pamsika.

Njirayi sinayambire ku masipika. Inachokera ku zitsulo zodulira ndi zoboolera m'mafakitale, ndipo kumeneko si nthano ayi. Chitsulo cholimba akachiotcha n'kuchizimitsa mwadzidzidzi, kamangidwe ka mkati mwake kamasintha kukhala kolimba kwambiri, kamene akatswiri amati martensite. Koma mbali ina imatsalira isanasinthe, imeneyo amati austenite. Kuzizira koopsa kumamalizitsa kusinthako, ndiye chodulira chimachedwa kubuntha. Zimenezi munthu atha kuziyeza, kuwerenga mabowo amene chaboola chisanathe. Mkuwa ulibe zimenezo. Kamangidwe kake ndi kamodzimodzi kuyambira pa kuzizira koopsa mpaka pamene ukusungunuka, palibe chotsalira choti chimalizike. Anthu anangotenga nkhani yoona ya chitsulo n'kuisamutsira pa mkuwa, poti zonse timazitcha zitsulo.

Ogulitsa amatinso kuzizirako kumachotsa kuuma kumene mkuwa umatenga pokokedwa kufakitale. Chimene chimafewetsa mkuwa ndi moto, osati chisanu. Funsani aliyense amene amapinda mapaipi a mkuwa a mafiriji akuuzani. Waya wofewa wa masipika amachoka kufakitale atafewetsedwa kale ndi moto. Ndipo ngakhale mutayerekeza mkuwa wouma chifukwa chokokedwa ndi mkuwa wofewetsedwa bwinobwino, kusiyana kwake pa kayendedwe ka magetsi ndi pafupifupi magawo 3 pa 100 basi.

Pali choona chimodzi chimene amachibisalira. Waya aliyense amakaniza magetsi kudutsa pang'ono, chimene amisiri timati resistance, ndipo timachiyeza mu ma ohm. Mkuwa ukazizira resistance imatsikadi. Mu nayitrojeni wamadzi imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8. Mu 1911 katswiri wina wa ku Leiden ku Netherlands, Heike Kamerlingh Onnes, anapeza kuti mercury, chitsulo chamadzimadzi chija, akafika pa madigiri 269 pansi pa ziro resistance yake imatheratu. Mkuwa suli m'gulu limenelo, ndipo ngakhale mercury yemweyo akafunda zonse zimabwerera mwakale. Kuti waya wa mlamu wanu apindule ndi kuzizira, mufunika kumusunga m'chigubu cha alangizi a ziweto chija mapemphero onse, kuyambira nyimbo yotsegulira mpaka mdalitso.

Ganizirani izinso. Digiri iliyonse imene mkuwa watenthera, resistance imakwera ndi pafupifupi 0.4 pa 100. Tengani m'mawa wa mu Juni, chisanu chija cholowa m'mafupa, muyerekeze ndi masana a mu Okutobala pansi pa malata opanda siling'i. Kusiyana kukakhala madigiri 25, ndiye kuti waya wanu yemweyo wasintha ndi magawo 10 pa 100. Alipo mkulu wa mpingo amene anaimirirapo n'kunena kuti lero waya wathu akumveka wa mu Okutobala? Ngati khutu silimva kusintha kumeneko, kumene mita yoyezera magetsi imakuona, limva bwanji kumene mita sikukuona?

Ndipo mkati mwa sipika momwemo muli koyilo, waya wopyapyala kwambiri wozungulizidwa mamita ambirimbiri. Pa sipika ya ma ohm 8 koyilo yokhayo imakhala cha m'ma ohm 6, pamene waya wabwino wochokera ku ampulifaya safika ndi theka la ohm. Koyilo imeneyo palibe anaiviika mu nayitrojeni. Kwaya ikafika pa kolasi, ana a kiyibodi atakweza zonse, imatentha kupitirira madzi owira, ndipo ikakwera ndi madigiri 100 resistance yake imakwera ndi magawo 40 pa 100. N'chifukwa chake masipika amachita ngati atopa ukwati ukamafika madzulo. Magetsi omwewo adutsa m'timanjira ta pabolodi ya ampulifaya, m'fyuzi, m'malo omatidwa ndi mtovu, kenako akalowe m'koyilo yotentha. Ndiye wina andiuze kuti mamita ochepa a pakatiwo, chifukwa anazizirapo tsiku lina ku fakitale, ndi amene ayeretse mawu?

Ndasiya kunena mofatsa. Amenewa ndi malonda a mawu okoma, ndipo mawu okomawo ali pa bokosi, osati m'sipika. Munthu wolemera amene akudya ndalama zake atha kugula, akasangalale nazo pabalaza pake, sindimuletsa. Koma kutenga za m'mbale ya chopereka, ndalama za anthu oti ena abwera wapansi kuchokera kutali, n'kukagula chinthu chimene wogulitsa sangakuonetseni pa mita, ine ndiye ndikukana.

Malonda a mawaya odulawa anayamba ndi kanthu koona. Mu 1979 Noel Lee anayambitsa kampani ya Monster Cable ku America, pa nthawi imene masitolo ankangopereka kawaya kopyapyala ngati basera munthu akagula masipika. Waya wake anali wonenepa, ndipo pa mtunda wautali kunenepa kumathandizadi. Koma kunenepa kuli ndi polekezera, ukafika poti kwakwana palibenso chowonjezera. Ndiye ogulitsa osiyanasiyana anayamba kusaka mawu atsopano. Kunabwera mkuwa wopanda okosijeni. Kunabwera siliva, amene amaposa mkuwa ndi pafupifupi magawo 6 pa 100, chinthu choti mutha kuchipeza pongonenepetsa waya wa mkuwa pang'ono. Kunabwera mawaya ojambulidwa mivi yoloza kolowera mawu, chonsecho magetsi a nyimbo amapita uku ndi uku. Kenako cryo.

Alipo amene anayesa nkhani ya kuzizirayi mwadongosolo. Mu 2003 akatswiri a pa Tufts University ku America anatenga malipenga 10 a mtundu umodzi, 5 anawaziziritsa ndi nayitrojeni, ena 5 anawasiya, n'kupatsa oimba osawauza kuti ili ndi liti. Sanapeze kusiyana kochokera ku kuzizirako. Kusiyana kwa woimba ndi woimba, ngakhale kwa woimba yemweyo lero ndi mawa, kunali kokulirapo. Ndalama za kafukufukuyo zinachokera ku Selmer, kampani yopanga malipenga, yomwe ikanapindula zikanakhala zoona. Ndipotu lipenga ndi chitsulo chimene chimanjenjemera ndi mawuwo. Waya sanjenjemera kuti apange mawu, amangonyamula magetsi.

Mu 2007 James Randi, mkulu amene ankadziwika ndi kuyalutsa anthu odzitcha ochita zozizwitsa, anaika madola 1 miliyoni kwa aliyense amene angasiyanitse ndi makutu okha, osaona, mawaya a masipika a Pear Cable a madola 7,250 ndi mawaya otsika mtengo a Monster Cable. Panali kukangana kwambiri pa ndondomeko yake, aliyense kuloza mnzake chala, ndipo mayesowo sanachitike. Ndalamazo palibe anazitenga.

Sindikunena kuti mlamu wanu ndi wabodza. Ngati anamvetsera m'sitolomo n'kumva kusiyana, anamvadi. Khutu siligwira ntchito lokha, limafunsa maso ndi thumba. Ukauzidwa kuti mvera mmene besi ikhuthalire, umatchera khutu ku besi, ndipo umaimva. Komanso khutu limasunga tsatanetsatane wa mawu kwa masekondi ochepa chabe, ndiye pomwe wogulitsa akumasula waya uyu n'kumanga winayo, chimene chatsala m'mutu mwako ndi nkhani imene akukuuzayo. Akakweza voliyumu pang'ono chabe, kochepa koti sungazindikire kuti wakweza, umamva ngati mawu ayera. Ndipo pali kusiyana kwina kumene kumakhala koona ndithu: munthu wachotsa kawaya kopyapyala ka zaka zambiri, nsonga zake zitachita dzimbiri lobiriwira, waika watsopano wonenepa, wamanga zolimba. Mawu akoma, inde. Ulemu upite kwa nayitrojeni chifukwa chiyani?

Poti tili pa matchalitchi, ndinene chimene chimandipweteka mutu. Nyumba zathu zambiri zopempherera ndi njerwa zopaka pulasitala, pansi simenti, pamwamba malata. Mawu akatuluka m'sipika amagunda khoma la kumbuyo, kubwerera, kugunda malata, kutsika, ndiye amene wakhala pakati amamva abusa atatu. Masipika timawaika pansi pakona, kumbuyo kwa guwa, kuyang'anizana ndi maikolofoni, kenako timadabwa ndi kulira kuja kobowola makutu. Mnyamata wa pa mikisa, poona kuti akumbuyo sakumva, amakweza zonse mpaka timagetsi tofiira tiyake osazima. Timagetsi tofiira timeneto ndi timene timaotcha matwita, timasipika ting'onoting'ono totulutsa mawu apamwamba tija. Pa masipika amene amabwera pabenchi panga, ochuluka amakhala oti twita inapsa kalekale, eni ake osadziwa, akungoti mawu ndi akuda. Munthu wotere mukamugulitsa waya wa mamiliyoni asinthe chiyani?

Nanga majenereta. Kajenereta kakang'ono kokoka ampulifaya yaikulu, besi ikagunda babu la pakhomo limaphethira. Ena amalumikiza jenereta ndi waya wopyapyala wolumikizalumikiza ndi mapepala a pulasitiki, mamita ambirimbiri kuti phokoso lake likhale kutali, ndiye ampulifaya imalandira magetsi osakwana 230 amene imayembekezera. Za amene amabwereketsa mikisa ya mpingo ku maphwando a usiku n'kuibweza mobisa Lamulungu m'mamawa ndidzalemba tsiku lina, chifukwa ndikayamba pano sitimaliza.

Chimene chimamveka pa waya

Zimene zili ndi ntchito ndi kunenepa kwa mkuwa, kutalika kwa waya, ndi polumikizira. Mita imodzi ya mkuwa wonenepa 1 mm² (umu ndi mmene timayezera kunenepa kwa waya) ili ndi pafupifupi 0.017 ohm. Magetsi amapita n'kubwerera, ndiye kutalika muziwerengera kawiri. Lamulo limene amisiri ambiri timatsata ndi loti resistance ya waya isapitirire magawo 5 pa 100 a ma ohm a sipika. Sipika ya ma ohm 8, malire ndi 0.4. Mukalumikiza ziwiri za ma ohm 8 mbali imodzi ya ampulifaya, ina kuchokera pa inzake monga timachitira nthawi zambiri, zimakhala ma ohm 4, ndiye malire ndi 0.2.

Taonani mmene zimakhalira pa ukwati wa panja, masipika ali mamita 30 kuchokera pa ampulifaya. Kawaya ka 0.75 mm² ka mkuwa weniweni kamafika pafupifupi 1.4 ohm. Kakakhala ka CCA, poti aluminiyamu amanyamula magetsi pafupifupi magawo 61 pa 100 a mmene mkuwa umanyamulira, kamadutsa ma ohm 2. Pa masipika a ma ohm 4 ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya ampulifaya likuthera kufunditsa waya pa udzu. Besi imakhala yofooka, ndiye munthu amakweza, timagetsi tofiira tija timayaka. Mtunda womwewo ndi mkuwa wa 2.5 mm² ndi 0.4 ohm, wa 4 mm² ndi 0.26. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumamveka, ndipo sikufuna kuti munthu akuuzeni kaye kuti mvetserani.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi kufupikitsa waya. Ampulifaya ikhale pafupi ndi masipika, ndipo mtunda wautaliwo uyendedwe ndi waya wa XLR, wa mano atatu ngati wa maikolofoni uja, kuchokera pa mikisa, chifukwa ameneyo sanyamula mphamvu yambiri.

Mukafuna kuyesa nokha

Ngati komiti sikukhulupirira za ine, ndipo sindikuikakamiza, mlamuyo abwereke waya woteroyo asanalipire. Pezani waya wamba wa mkuwa wofanana naye kunenepa ndi kutalika. Munthu mmodzi akhale kuseri kwa nsalu, aziponya ndalama yachitsulo kuti isankhe waya woti alumikize, azilemba papepala, osalankhula, osakhudza voliyumu. Ena nonse mukhale pa mabenchi, nyimbo yomweyomweyo, aliyense azilemba yekha kuti uyu ndi uti. Bwerezani kakhumi kapena kupitirira. Kulondola kasanu pa khumi ndi mwayi chabe, ndalama yoponyedwayo imathanso kutero. Ine ndimachita masewera amenewa ndi anyamata amene amabwera kudzaphunzira ntchito ali ndi mawu ambiri a pa YouTube, ndipo amene amayamba ndi kulumbira kwambiri ndi amene amafunsa kaye kuti mwasintha kale kapena simunasinthe.

Kunena za anyamatawa, pali chinthu chimene ndachiona. Amadziwa mayina a makampani onse, amadziwa mawatsi olembedwa pa bokosi, mawatsi aja osayenerana n'komwe ndi fyuzi ili kumbuyo kwake, koma ukawapatsa mita kuti ayeze ngati waya ali bwino amaigwira mozondoka. Kumanga nsonga ya waya kuti isathawe, kumata ndi mtovu osasiya chibuluma, kukulunga waya osamupota, zimenezi amati ndi ntchito ya ana. Chonsecho pa zovuta zimene ndimaitanidwira Loweruka m'mawa, mkwati ali kale m'galimoto, zambiri zimakhala jeki yomasuka, waya wodyedwa ndi makoswe m'kabati, kapena polumikiza pamene wina anangopota ndi mano n'kukulunga ndi pepala la shuga. Makoswe a ku Kasungu safunsa ngati waya anazizirapo ku Johannesburg.

Tsono achimwene, yankho ndi ili. Ndalamazo musatumize. Gulani waya wa mkuwa weniweni wa 2.5 mm², wofewa, wa mitima iwiri, amene amapezeka m'masitolo a zamagetsi. Amakwana mpaka mamita 14 pa ma ohm 4, ndi mamita 28 pa ma ohm 8. Kupitirira apo tengani wa 4 mm² kapena sunthani ampulifaya. Musanalipire palani nsonga ndi mpeni, ndipo mumunyamule m'manja, mkuwa umalemera kuposa aluminiyamu kupitirira katatu. Yesani masipika onse ndi kabatire muone ngati akukankhira mbali imodzi, ikani khutu pa twita iliyonse, akwezeni pamwamba pa mitu ya anthu ndipo akhale kutsogolo kwa maikolofoni. Mlamu wanu ngati akufunitsitsa kuthandiza mpingo, abwere ndi mapulagi a Speakon, aja a masipika oti ukalowetsa n'kupotokola amakhoma, ngati masipika anu ali ndi malo ake, mita yoyezera magetsi, ndi maikolofoni imodzi yabwino ya abusa. Mundilembere kutalika kwa tchalitchi chanu ndi ma ohm olembedwa kumbuyo kwa masipikawo, ndikuwerengerani mamita oti mugule.